Kukonza msewu kuti usamasefukire ku Kasungu: mafunso ndi mayankho

Bwanji msewu umasefukira chonsecho ngalande ilipo?

Malata ndi simenti sizimwa madzi. Mvula ya mamilimita 30 ikagwa pa denga la mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi, pamatsika malita 3,000, migolo 15 ya malita 200. Imeneyo ndi nyumba imodzi yokha. Komanso malo ambiri kuno ndi athyathyathya, madzi amayenda mwaulesi, mchenga n'kumakhazikika m'ngalande mpaka kudzadza.

Nanga msewu wokonzedwa bwino umaoneka bwanji?

Pakati pamatukuka, n'kutsetsereka kupita m'mbali: masentimita atatu pa mita iliyonse ngati ndi wa phula, asanu ngati ndi wa dothi. Pathyathyathya pamafunika ngalande yotakata, yosazama, yobzalidwa kapinga, kuti madzi ena azilowa pansi. Potsetsereka, monga m'munsi mwa phiri la Kasungu, kapinga yekha sakwanira. Pamenepo ngalande imawakidwa ndi miyala ndi simenti, kapena kuikamo timipanda ta miyala todula liwiro la madzi. Potulukira madzi pabzalidwe vetiva, phando lililonse litalikirane ndi linzake masentimita 10 mpaka 15. Ambiri amalakwitsa apa. Amawaka ngalande yokongola, madzi n'kumathamanga, kenako akukakumba chigwembe m'munda wa munthu kudambo.

Mitengo ya mthunzi ibzalidwe, koma malaina ndi bulugama zitalikire ngalande yowaka, mizu yake imang'amba simenti.

Madzi odekhawo sadzaswa udzudzu?

Udzudzu umafuna pafupifupi sabata kuti dzira lisanduke wouluka, ndiye madzi azikhala ataphwa pasanathe masiku awiri. Yesani dothi musanayambe: kumbani dzenje lakuya theka la mita, thirani madzi. Akachezera osatsika, pamenepo ndi pamakande, madzi apatseni njira yotulukira.

Ndingakwirire ngalande kuti galimoto izilowa pakhomo panga?

Ayi. Ikani khalavati ya mamilimita 600, kapena chivundikiro cha konkire chotheka kunyamula poyeretsa. Kapaipi kakang'ono kamatsekeka ndi majumbo ndi zitsononkho mvula yoyamba yomwe, madzi n'kukhotera m'nyumba ya neba.

Chilolezo chichokera kuti?

Misewu ya m'malokeshoni ili m'manja mwa khonsolo, pomwe M1 ndi wa Roads Authority. Pitaniko musanakumbe, mufunsenso a Central Region Water Board pomwe padutsa mapaipi awo. Zomanga zichitike m'chilimwe, ndipo mchenga uvuulidwe mu Okutobala n'kukatayidwa kutali. Ukaunjikidwa m'mphepete mwa ngalande, mvula ya Novembala imaubwezeramo.