Amene timawapatsa wenzulo m'sukulu za sekondale

M'sukulu zambiri za sekondale, udindo wa masewera umagawidwa pa msonkhano wa aphunzitsi wotsegulira teremu. Mphunzitsi wamkulu amaponya maso m'chipindamo, n'kuona amene akuoneka wanthanana, kapena amene sakhala chete nkhani ya Bullets ndi Wanderers ikayamba, basi sports master wapezeka. Kuyambira tsiku limenelo munthuyo ndiye kochi, ndiye woyimbira, ndiye wothandiza ovulala, ndiyenso wofunafuna lole yonyamula ana popita ku masewera a zoni. Palibe amene amamufunsa ngati anaphunzirapo chilichonse mwa zimenezi. Funso limakhala limodzi: kodi munasewerapo?

Ntchito yanga ndi yophunzitsa makochi ndi oyimbira a m'sukulu, ndipo aphunzitsi otere ndimawalemekeza, chifukwa ambiri amagwira ntchitoyi popanda alawansi, madzulo anzawo ataweruka. Koma kusewerapo mpira kumangophunzitsa munthu kusewera. Kuyang'anira ana 22 a zaka zosiyana, pa bwalo lopanda mpanda, pamaso pa ochemerera okwiya, chipatala chili kutali, ndi luso lina lomwe limachita kuphunziridwa.

Tiyambe ndi malamulo, poti ndi pamene ndewu zambiri zimayambira. Malamulo a mpira wamiyendo alipo 17, ndipo amawasunga ndi bungwe la IFAB, lomwe linakhazikitsidwa mu 1886. Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti bukuli limakonzedwanso pafupifupi chaka chilichonse. Mphunzitsi amene anasiya kusewera mu 2012 amayimbira mpira wa 2012, pamene ana ake madzulo aliwonse akuonera mpira wa lero pa kanema.

Taonani chitsanzo ichi. Goloboyi wayika mpira pansi kuti amenye goal kick, n'kupatsira mnzake amene waima pafupi naye m'kati mwa bokosi. Woyimbira wakale amaliza wenzulo nthawi yomweyo n'kunena kuti abwereze, mpira sunatuluke m'bokosi. Chonsecho lamulo limeneli linasintha mu 2019: mpira umakhala wayamba ukangomenyedwa ndi kusuntha, ndipo amene ayenera kukhala kunja kwa bokosi mpaka nthawi imeneyo ndi a timu inayo basi. Mwana wa Fomu 3 akudziwa zimenezi, akutsutsa, akupatsidwa khadi lachikasu chifukwa cha mwano, anzake kunja ayamba kutola miyala. Kuyambira mu 2025 palinso china: goloboyi amaloledwa kugwira mpira masekondi 8, woyimbira amakweza dzanja kuwerenga masekondi 5 omaliza, ndipo akapitirira timu inayo imapatsidwa kona. Kale anali masekondi 6 ndi indirect free kick. Mpira woponyedwa pansi ndi woyimbira sulimbiranidwanso ndi anthu awiri ngati kale, umaponyeredwa wosewera mmodzi ena onse atatalikira mamita 4. Ndipo pali zakale zomwe mpaka lero zimasokoneza: palibe ofusayidi wosewera akalandira mpira kuchokera pa throw-in, pa kona kapena pa goal kick, komanso si mpira uliwonse wogunda mkono umene uli mlandu.

Ku ntchemberembaye nakonso zinthu sizinaime. Malamulo a World Netball amene anayamba kugwira ntchito mu 2024 anachotsa toss up, koma m'mabwalo a sukulu mudzapezabe woyimbira akuponya mpira m'mwamba pakati pa atsikana awiri. Mtunda wa mamita 0.9 pakati pa wotchinga ndi amene wagwira mpira umayezedwa pansi, pa mapazi, osati pa manja, ndipo woyimbira amene sanaphunzitsidwe kuyang'ana pansi amangoyimba potsatira phokoso la ochemerera.

Komabe kuloweza buku ndi gawo laling'ono chabe la maphunziro a woyimbira. Nthawi yochuluka timathera pa funso la malo oima. Woyimbira wosaphunzira amathamangira pambuyo pa mpira pakati pa bwalo, kapena amangoima pa mzere wapakati ngati watopa, ndipo zochitika m'bokosi amaziona ali kumbuyo kwa misana ya osewera. Wophunzira amayenda mopingasa, kuchokera ku ngodya ina ya bokosi kupita ku ngodya ya bokosi linalo, kuti nthawi zonse mpira ukhale pakati pa iye ndi womuthandiza wonyamula mbendera. Akatero, maso anayi amaona chinthu chimodzi kuchokera mbali ziwiri. Timaphunzitsanso kuliza wenzulo, chinthu chimene ena amaseka akachimva. Kalizidwe kamalankhula: kafupi pa cholakwa chaching'ono, kamphamvu ndi kotalika pa chachikulu. Amene amaliza mofanana nthawi zonse, osewera amasiya kumumva.

Pali chizolowezi chimodzi chomwe ndikanakonda chitatheratu: kochi wa timu ya pakhomo kuyimbira masewera a timu yake yomwe. Ngakhale atakhala wachilungamo chotani, penate iliyonse imene angapereke idzatengedwa ngati kukondera, ndipo ena pofuna kuoneka achilungamo amapondereza ana awo omwe. Njira yake si yodula. Sukulu za mu zoni imodzi zikhoza kusinthana oyimbira, komanso ophunzira a Fomu 3 ndi 4 akhoza kuphunzitsidwa kuyimbira masewera a anzawo ang'onoang'ono ndi kugwira mbendera. Uku si kungowapezera chochita. Bernadettar Kwimbira anachoka kuno kwathu n'kukagwira mbendera pa World Cup ya amayi, ndipo woyimbira amene wayamba ali ndi zaka 16 amakhala ndi nthawi yokwera makwerero onse asanakalambe. CAF (bungwe loyendetsa mpira mu Africa) itayambitsa mpikisano wa sukulu za mu Africa mu 2022, umene unafikitsa anyamata a Salima Secondary School ku Durban mu 2023, inaikamo dala maphunziro a oyimbira achichepere pambali pa masewerawo.

Kumbali ya ukochi, makwerero ndi odziwika. Malaisensi a CAF amayambira pa D, kenako C, B, A mpaka Pro, ndipo kuno maphunziro ake amadzera ku FAM. Mphunzitsi wa ku sekondale safunika kulota za A. Gawo loyambirira lokha limasintha zambiri, ndipo kusinthako kumaonekera pa bwalo Lachitatu masana. Kwa kochi wosaphunzira, ana amazungulira bwalo kakhumi, kenako amafola mzere umodzi wa anthu 25 kudikira kumenya mpira umodzi, aliyense n'kuukhudza mwina kanayi pa ola lonse. Kwa wophunzira, bwalo lomwelo lagawidwa timagawo ting'onoting'ono ndi mabotolo a pulasitiki odzaza mchenga, ana akusewera anayi anayi, ndipo palibe amene waima. Mipira ikachepa, ya chikulunga imagwira ntchito. Mwana amaphunzira mpira poukhudza ndi posankha chochita nawo, osati pomvera kochi akukalipa.

Chachiwiri chimene maphunzirowa amatsegula ndi thupi la mwana amene akukula. Mnyamata wa zaka 14 si bambo wamng'ono. Mafupa ake ali ndi malo ofewa kumapeto kumene amakulira, ndipo pa nthawi imene akutalika mofulumira, mafupa amatsogola minyewa n'kumatsatira. N'chifukwa chake ana ambiri a msinkhu umenewu amadandaula ululu pansi pa bondo kapena ku chidendene. Kochi wosadziwa amati ndi ulesi, n'kuwonjezera chilango cha kudumpha ngati chule. Atsikana ali ndi lawo vuto: mtsempha wa m'kati mwa bondo umaduka kawirikawiri kwa iwo kuposa anyamata, makamaka potera akadumpha kapena potembenuka mwadzidzidzi, zomwe ndi ntchemberembaye yeniyeniyo. Bondo lotere kuchira kwake n'kwa opaleshoni ndi miyezi yambiri, ndipo kwa mwana wa ku CDSS nthawi zambiri masewera amathera pomwepo. Pali ndondomeko yotenthetsa thupi yotchedwa FIFA 11+, ya mphindi pafupifupi 20, yosafuna chida chilichonse chodula. Atayiyesa pa atsikana achichepere osewera mpira ku Norway, zotsatira zomwe zinatuluka mu 2008 zinaonetsa kuti kuvulala kunatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Zambiri mwa zomwe zilimo ndi kuphunzitsa mwana kuima ndi mwendo umodzi, kulimbitsa ntchafu ndi chiuno, ndi kutera bondo litapindika koma osagwera m'kati.

Koma mukandifunsa chimene mphunzitsi ayenera kuphunzira choyamba ngati ndalama ndi ya tsiku limodzi lokha, sindinganene malamulo kapena kakonzedwe ka timu. Ndinganene za mphindi zisanu zoyamba mwana akagwa.

Ana awiri adumphira mpira umodzi, mitu yagundana, mmodzi wadzuka akudzandira. Mwambo wathu ndi kumuthira madzi pamutu, kumufunsa ngati ali bwino, iye n'kugwedeza mutu chifukwa safuna kutuluka, masewera n'kupitirira. Ubongo ukagwedezeka m'chigaza, nthawi zambiri munthu sakomoka n'komwe. Zizindikiro zake ndi chizungulire, mutu kupweteka, kuona zinthu mwachimbuuzi, kusakumbukira kuti zigoli zili bwanji kapena akusewera ndi ndani. Lamulo lake ndi lalifupi: mukangokayika, atuluke, ndipo asabwerere tsiku limenelo ngakhale atachonderera. Akayamba kusanza mobwereza, kusinza, kukomoka, kudandaula khosi kapena mutu ukamakulirakulira kupweteka, ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo. Ku America anaphunzira zimenezi movutika. Mu 2006 mnyamata wa zaka 13, Zackery Lystedt, anabwezeredwa m'bwalo atagunda mutu, ndipo anavulala ubongo kwa moyo wake wonse. Dera la Washington linakhazikitsa lamulo m'dzina lake mu 2009, ndipo pofika 2014 madera onse 50 anali ndi lamulo lofanana nalo. Bungwe loyang'anira masewera a m'sukulu za sekondale kumeneko, NFHS, lili ndi phunziro laulere la nkhaniyi pa intaneti, lomwe mphunzitsi wa kuno wokhala ndi foni ndi bando akhoza kulitsatira madzulo amodzi.

Wina amagwa popanda womugunda. Apa m'pamene timataya nthawi kwambiri, ena akuti ndi khunyu, ena akuti timu inayo yabwera ndi mankhwala, ena akufunafuna supuni yoti amuike m'kamwa (musaike chilichonse m'kamwa mwa munthu wokomoka). Wosewera akagwa yekha, osayankha, osapuma bwino kapena akungopuma mobanika, muganize za mtima kaye. Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon anagwa chomwecho ku Lyon mu 2003 ndipo anamwalira. Christian Eriksen anagwa ku Copenhagen mu 2021 ndipo anapulumuka, chifukwa anayamba kumupopa pachifuwa nthawi yomweyo ndipo makina odzutsa mtima anali pafupi. Makina amenewo m'mabwalo a sukulu zathu mulibe, koma manja alipo: pakati pa chifuwa, kukanikiza mozama masentimita 5, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, osaleka, wina akuthamangira galimoto. Izi sizophunzira powerenga nkhani ngati ino. A Malawi Red Cross Society ndi a St John amaphunzitsa chithandizo choyamba pogwiritsa ntchito chidole, ndipo munthu ayenera kumva ndi manja ake mphamvu imene imafunika.

Nyengo nayo ili m'manja mwa woyimbira. Mabingu akangomveka, masewera aime, ana alowe m'kalasi kapena m'galimoto, osati pansi pa mtengo wa mango, ndipo asabwerere mpaka patadutsa mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza. Mu Okutobala, makamaka ku Nsanje, Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja, malamulo amamulola kuimitsa masewera kuti ana amwe madzi. Kumana ana madzi poganiza kuti akhwima ndi chikhulupiriro chomwe chimatha tsiku loyamba la maphunziro.

Gawo lina aphunzitsi amalimvetsera atazolika, la chitetezo cha ana. Kochi ali ndi mphamvu yosankha amene asewere, amene akwere lole, amene apatsidwe jezi, ndipo mphamvu imeneyi ena amaigwiritsa ntchito pa atsikana. Chisinthireni malamulo a dziko mu 2017, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ngakhale atakhala wamtali kuposa mphunzitsi wake. Timu ya atsikana isayende ulendo popanda mphunzitsi wamkazi, kochi asakumane ndi mwana payekha kuchipinda, ndipo mwana aliyense adziwe kumene angakanene, kuphatikizapo nambala yaulere ya 116. Kubera zaka ndimakuika m'gulu lomweli. Mnyamata wandevu wa zaka 21 akavala jezi ya sukulu pa mpikisano wa ana osakwana 16, amene amathyoka mwendo ndi mwana wa eni ake wa Fomu 1.

Zonsezi zimafuna kuti mphunzitsi wamkulu aziwerengera maphunzirowa pa bajeti monga amawerengera choko, ndipo mipikisano ya MASSA (bungwe loyendetsa masewera a m'sukulu) ndiyo malo abwino ofunsira kuti aliyense wokhala pa benchi kapena wogwira wenzulo aonetse pepala. Langizo langa kwa sukulu imene yapeza mpata ndi lakuti itumize anthu awiri, mmodzi akhale wamkazi. Aphunzitsi amasamutsidwa, ndipo sukulu imene inaphunzitsa munthu mmodzi imabwerera pa chiyambi tsiku limene kalata yake ya transifa yafika. Awiriwo akabwera, apatsidwe masana amodzi kuti aphunzitse anzawo ndi makaputeni a matimu, ndipo masewera a zoni asanayambe chaka chilichonse, oyimbira onse akhale pansi ola limodzi kuona zomwe zasintha m'buku. Buku la IFAB limapezeka laulere pa foni, ndipo zosintha za chaka chimenecho zimalembedwa pa gawo lawolawo.