Pansi ndi rampu ya ngolo yotseka yonyamula galimoto: zimene lamulo la ku America limafuna

Ku United States ngolo zotseka zonyamulira galimoto, zimene zimakokedwa ndi pikapu, zili ponseponse. Amazikoka anthu opita ku mipikisano ya liwiro, ogulitsa magalimoto akale odula, ndiponso amene amapeza chakudya ponyamula magalimoto a anthu ena. Zambiri zimapangidwa m'dera la Elkhart ku Indiana, pafupi ndi South Bend kumene kumakhala Amalawi ambiri, ndipo zina zimachokera kum'mwera kwa Georgia. Zotsika mtengo zimatuluka m'fakitale pansi pake pali pulayiwudi wosapakidwa kanthu, choncho wogula amayamba kuganiza za penti wokongoletsa. Koma matabwa amenewa ndi amene agwira mphete zomangirako galimoto, ndipo n'chifukwa chake lamulo limawakhudza.

Kodi lamulo limanenapo chiyani za pansi pa ngolo?

Malamulo ake ndi a FMCSA, bungwe la boma loyang'anira chitetezo cha magalimoto a malonda, ndipo amapezeka m'buku la malamulo a boma lotchedwa 49 CFR. Ndime 393.84 imati pansi pakhale polimba, popanda mabowo osafunikira, posalola utsi kapena moto kulowa, ndiponso pasamwe oyilo kapena chinthu china chimene chingagwetse munthu woyendapo. Pa malamulo amenewa ngolo imawerengedwa pamodzi ndi magalimoto, ndiye ndimeyi imaikhudzanso.

Ndime ina, 393.104, ili m'malamulo a kamangidwe ka katundu amene anayamba kugwira ntchito pa 1 January 2004. Imati pansi, makoma ndi malo omangirira zikhale ndi mphamvu zokwanira kugwira katundu, ndipo pasakhale chong'ambika kapena chofooka. Lamulo silitchula penti, labala kapena aluminiyamu. Kusankha n'kwanu, bola pansipo pakhale polimba ndi posaterera.

Likukhudza aliyense wokoka ngolo?

Ayi. Limakhudza amene akukoka ngolo pa bizinesi yodutsa malire a zigawo, ngati kulemera kololedwa kwa pikapu ndi ngolo, mukaphatikiza, kukufika mapaundi 10,001, amene ndi pafupifupi makilogalamu 4,536. Malire amenewa amafikidwa mosavuta, chifukwa ngolo ya maekiselo awiri kawirikawiri imaloledwa mapaundi 7,000 payokha, pikapu tisanaiwerengere n'komwe. Zigawo zambiri zinatengeranso malamulo omwewa pa malonda a mkati mwa chigawo.

Munthu wonyamula katundu wake mwa apo ndi apo, osalipidwa ndiponso osati pa bizinesi, ndime 390.3 imamuchotsamo. Ochita mipikisano achenjere pano: kampani ikayamba kuwathandiza ndi ndalama, kapena akamalemba ndalama za ulendo ngati zowonongera bizinesi pa msonkho, chikhululukocho chimatha. Ngakhale mutakhala kunja kwa lamuloli, ine ndingakulangizeni kulitsatirabe, popeza galimoto yomasuka m'ngolo imaphwanya chimodzimodzi kaya ndi ya malonda kaya ndi yanu.

Ngolo ili ndi makoma, galimoto ili m'giya ndipo handibuleki yakokedwa. Kumangiranjinso?

Makoma a ngolo zimenezi ndi malata opyapyala ndi pulayiwudi woonda, sangaimitse galimoto. Ndime 393.128 imati galimoto yosapitirira mapaundi 10,000 imangidwe kutsogolo ndi kumbuyo ndi malamba osachepera awiri, kuti isasunthire kutsogolo, kumbuyo, m'mbali kapena m'mwamba. Lamba wokoleka pa galimoto akolekedwe pamalo amene anapangidwira ntchitoyo, kapena akhale wa mtundu wokuta tayala. Odziwa ntchito amamanga anayi, mmodzi pa ngodya iliyonse.

Zomangira ziyenera kupirira mphamvu ya 0.8 ya kulemera kwa katundu akamakankhira kutsogolo, ndi 0.5 kumbuyo ndi m'mbali, osaduka. Ndiye kuti galimoto ya makilogalamu 1,600, woyendetsa akaponda mabuleki mwadzidzidzi, imatha kukoka ngati makilogalamu 1,280. Mphamvu yonseyo imathera m'mphete za pansi. Palinso kawerengedwe kena: mphamvu yolembedwa pa malamba, mukaiphatikiza, ifike theka la kulemera kwa galimotoyo, koma lamba wochoka pa mphete kupita pa galimoto mwachindunji amawerengedwa theka la nambala yake.

Ndiye mphetezo zizimangidwa bwanji?

Apa ndi pamene ngolo zambiri zimalakwika. Mphete zolowa pansi zimene amati D-ring nthawi zambiri zimalembedwa mapaundi 5,000, koma nambalayo ndi ya chitsulo cha mpheteyo, si ya thabwa limene yakhalapo. Pulayiwudi wa pansi amakhala wa mamilimita pafupifupi 19, atagona pa zitsulo zopingasa zotalikirana masentimita pafupifupi 40. Mphete yomangidwa ndi masikuluwu m'thabwa lokha imazuka. Mabawuti apyole mpaka kunsi ndipo agwire mbale yachitsulo yolumikizidwa ku zitsulo zopingasazo kapena ku felemu. Njanji zachitsulo zokolekamo malamba, zimene amati E-track, nazonso zimafuna zomwezo.

Bowo lililonse limene mwaboola ndi khomo la madzi. Lipakeni penti mkati mwake ndipo mumatepo zomatira musanalowetse bawuti. Mukamayala labala kapena aluminiyamu, musakwirire mphete moti simungaonenso thabwa lozungulira, chifukwa kuwola kumakonda kuyambira pomwepo. Thabwa likada kapena likamabonyoka mukalibaya ndi sikuludiraiva, mpheteyo musaidalirenso.

N'chiyani kwenikweni chimawononga matabwa a pansi?

Choyamba ndi madzi, ndipo ambiri sabwera kuchokera pamwamba. Matayala a ngolo amawaza madzi kunsi kwa thabwa ulendo wonse wa mvula, ndipo m'mphepete mwa pulayiwudi, mmene zigawo zake zimaonekera, mumamwa madzi ngati siponji. Ku zigawo za kumpoto monga Indiana, Michigan ndi Ohio amathira mchere m'misewu nyengo yachisanu. Galimoto imalowa m'ngolo ili ndi madzi oundana a mchere m'mapiko mwake, amasungunukira pansi, kenako mabawuti ndi zitsulo zopingasa zimachita dzimbiri. Munthu amene wakongoletsa pamwamba pokha n'kusiya kunsi ndi m'mphepete wateteza mbali imene sinali pangozi yaikulu.

Chachiwiri ndi zotuluka m'galimoto. Oyilo amalowa m'thabwa osatulukanso. Mafuta a mabuleki a DOT 3 ndi DOT 4 amasupula penti. Petulo amafewetsa guluu wina wogwira labala. Matayala otentha amamatirira penti wosauma bwino n'kumukanganula galimoto ikamatuluka. Jeke ndi timiyendo toimikira galimoto timaboola thabwa ngati simunaikepo kachitsulo kathyathyathya kapena thabwa lina pansi pake.

Ndipakepo chiyani, kapena ndiyalepo chiyani?

Penti wa pakhonde wosakaniza ndi mchenga wosalala ndiye wotsika mtengo kuposa zonse, ndipo ubwino wake ndi wakuti akakalika mumangopakanso pamenepo. Amatha msanga m'mizere iwiri yoyenda matayala. Penti wa epoxy wopaka pansi pa garaja ndi wolimba ndipo amakana oyilo bwino, koma anapangidwira simenti, imene sipindika. Thabwa la ngolo limapindika pa bampu iliyonse, ndiye epoxy wina amang'aluka m'malo olumikizira mapulayiwudi. Akanyowa amatereranso kwambiri ngati simunawazepo mchenga.

Mankhwala opaka m'mabodi a mapikapu, monga Herculiner ndi Raptor amene mungapake nokha, kapena Line-X ndi Rhino Linings amene amapopera akatswiri, ndi amene ine ndimawaona oyenera thabwa. Amapindika pamodzi nalo, amakhala okhakhala, ndipo mukawakwezera m'makoma masentimita angapo, madzi sapeza polowera m'mphepete. Vuto lake ndi lakuti kukhakhalako kumasunga fumbi, ndipo kusesa kumavutirapo.

Labala wa timadontho tozungulira amaoneka bwino ndipo amapukutika mosavuta, makamaka akakhala chinsalu chimodzi chopanda msoko. Koma madzi akalowa kunsi kwake sauma, ndipo thabwa limawola inu osadziwa. Thabwalo liyambe lapakidwa penti, labalayo amatidwe paliponse, ndipo m'mphepete mutsekedwe bwino. Dziwaninso kuti matayala amasiya zipsera zofiirira pa labala ndi vinilu zowala, ndipo sizichoka.

Aluminiyamu wa mizeremizere sabooka wamba ndipo sawopa mafuta a mabuleki. Amaterera akanyowa kapena akadontheredwa oyilo, ngakhale ali ndi mizere. Musamugoneke mwachindunji pa matabwa othiridwa mankhwala oteteza kuwola: chiyambire 2004 matabwa ambiri otere ku America ali ndi mankhwala a kopa wambiri monga ACQ, ndipo kopa pamodzi ndi chinyezi amadya aluminiyamu. Pakati pake pakhale penti kapena chinsalu chotchinga.

Chilichonse chimene mwasankha, ntchito yaikulu ili pa kukonzekera. Thabwa likhale louma, lopalidwa ndi sandipepa, lopanda fumbi, mipata yonse yotsekedwa, ndipo mudikire masiku onse amene alembedwa pa chitini musanalowetse galimoto. Nthawi yabwino ndi pamene ngolo ili yatsopano, isanadontheredwe ngakhale dontho limodzi la oyilo.

Nanga ngati oyilo walowa kale m'thabwa?

Palibe penti amene angagwire pamenepo. Ngati ndi pang'ono, thiranipo zoyamwa mafuta, tsukani ndi sopo wochotsa girisi, umitsani, palani, kenako pakani penti woyambira wotchinga mafuta. Ngati thabwa lamwa mpaka mkati, lichotseni muikepo lina. Kuyala labala pamwamba kumangobisa vutolo, ndipo guluu sagwira pa mafuta.

Rampu imafuna chisamaliro chosiyana?

Kwambiri. Rampu ndi chitseko cha kumbuyo chomwecho, chotsitsidwa pansi kuti galimoto ikwererepo. Imanyowa ndi mvula nthawi iliyonse mukatsegula, ndi yotsetsereka, ndipo ndi pamene matayala amazungulira pofuna pogwira. Munthu amatsikanso pomwepo chafutambuyo akuwongolera galimoto, maso ali kwina. Choncho pa rampu, kusaterera kukhale patsogolo pa china chilichonse. Ngati mwayala aluminiyamu, matanipo tepi wokhakhala m'mizere ya matayala ndi poyenda anthu. Ngati mwapaka, onjezerani mchenga kuposa mkati.

Mlomo wa rampu umene umagunda pansi umanyotsoka msanga, ndipo ndi umene umayang'ana kumwamba chitseko chikatsekedwa. Uvekeni chitsulo chopindika chokuta m'mphepete. Mpata wa pa mahinjesi umadzaza timiyala ndi mchenga, ndipo mukatseka chitseko zili momwemo mahinjesi amapindika ndipo labala wotchinga madzi amang'ambika. Sesanipo musanatseke.

Pali ngozi ina imene ambiri saiganizira. Chitsekochi chimapepuka m'manja chifukwa cha sipuling'i ndi zingwe zachitsulo zimene zinakungidwa molingana ndi kulemera kwake kwa ku fakitale. Mukawonjezerapo aluminiyamu kapena labala wochindikala, chimalemera kuposa mmene sipuling'iyo ingathere, ndipo chikhoza kukupulumukani n'kugwera munthu. Sipuling'i yokungika imathyola dzanja, ndiye kuikunganso kusiyireni wodziwa ntchitoyo, ndipo ana asamaime kumbuyo potsegula.

Rampu ilinso ndi malire a kulemera kumene inganyamule, ndipo kuiyala chitsulo sikuwonjezera malirewo. Pokweza galimoto ngolo ikhale yokolekedwa ku pikapu, majeke a kumbuyo atatsitsidwa ngati alipo, kuti mutu wa ngolo usanyamuke. Galimoto yofupika kwambiri imafuna zowonjezera kutalika kwa rampu, apo ayi bampala idzakhula rampu ndipo mimba idzagunda pa mahinjesi.

Zoyalazi sizichepetsa katundu amene ndinganyamule?

Zimachepetsa. Aluminiyamu wa mamilimita 2 amalemera makilogalamu pafupifupi 5.4 pa sikweya mita. Pansi pa ngolo ya mafiti 24, pafupifupi masikweya mita 17, ndiye kuti mwawonjezera makilogalamu oposa 90, rampu tisanaiwerengere. Pa ngolo ya mapaundi 7,000, imene thupi lake lokha ladya kale gawo lalikulu la kulemera kololedwa, zimenezi zikhoza kukupyoletsani malire mukaika galimoto, matayala apadera ndi bokosi la zipangizo. Njira yapakati ndi kupaka pansi ponse, n'kuyala aluminiyamu m'mizere iwiri ya matayala ndi pa rampu pokha. Mukamaliza ntchito, kayezetseni ngolo pa sikelo ya malole ili yopanda kanthu, kuti mudziwe nambala yeniyeni yotsala.

Ndili pa ulendo, ndiziyang'ana kangati?

Ndime 392.9 imati woyendetsa aone katundu ndi zomangira asananyamuke, aonenso asanapitirire mamailosi 50 oyamba, amene ndi makilomita pafupifupi 80. Kuchoka apo aziona akasintha gawo la ntchito yake (monga kuchoka pa kupuma n'kuyambanso kuyendetsa), kapena pakatha maola 3, kapena akayenda mamailosi 150, chimene chayamba kukwana. Kuona koyambako n'kofunika kwambiri m'ngolo yoyalidwa labala kapena yopakidwa zochindikala, chifukwa matayala amakhazikika pang'ono m'zoyalazo ndipo malamba amakhwepa. Mukatsegula chitseko, kungani malamba, gwedezani mphete iliyonse ndi dzanja, ndipo suzumirani kunsi kwa injini. Ngati yayamba kudontha, ikanipo thireyi yachitsulo kapena chinsalu choyamwa mafuta, muchimangirire kuti chisamayendeyende, ndipo pukutani zimene zagwera pansi musanapondepo n'kuzipititsa pa rampu.