Chaka chomwe thandizo la kunja lidasiya kudutsa ku Capital Hill

Boma la Donald Trump litaimitsa ntchito za USAID, bungwe la boma la America lopereka thandizo kumaiko ena, kumayambiriro kwa 2025, ambiri kuno adadzidzimuka. Komatu kuimitsa thandizo si zachilendo ku Malawi. Maiko opereka thandizo adachitapo mu 1992 pofinya Kamuzu, mabishopu a Katolika atangotulutsa kalata yawo ija yodzudzula ulamuliro wake, ndipo adachitanso mu 2011 Bingu atapirikitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet. Maulendo awiri onsewo ndalama zidabwerera ndale zitasintha.

Mmene ndikuonera, zinthu zidatembenukiratu mu 2013, nthawi ya Joyce Banda. Usiku wa pa 13 September, mkulu woyang'anira bajeti ya boma, Paul Mphwiyo, adaomberedwa pageti la nyumba yake ku Area 43 mu Lilongwe. Adapulumuka. Mwezi womwewo ndi masabata otsatira apolisi ankapeza mipukutu ya ndalama m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za makalaliki a boma. Kabedwe kake kadali kosavuta: macheke ankalembedwa kudzera mu IFMIS, njira ya pakompyuta yoyendetsera ndalama za boma, kupita ku makampani omwe sadagulitse boma ngakhale singano, kenako zolembedwazo n'kufufutidwa mu kompyuta. Lipoti loyamba la Baker Tilly, kampani yowerengera ndalama yomwe idafufuza nkhaniyi, lidatchula K13 biliyoni ndi kanthu. Lotsatira lidafika pa K24 biliyoni. Onsewo adangofufuza miyezi isanu ndi umodzi yokha, ndiye amene amati kuba kudayamba kale sitingawatsutse.

Panthawiyo pafupifupi 40 peresenti ya bajeti inkachokera kunja. Opereka thandizo adagwira ndalama zawo, ndipo Peter Mutharika adayamba ulamuliro mu 2014 ndi bajeti yosadalira iwo.

Thandizo lenilenilo silidathe, lidangosintha njira. M'malo modutsa ku Treasury, lidayamba kupita ku mapulojekiti ndi mabungwe omwe si aboma. Opereka thandizo amati sakadapitiriza kuthira madzi m'dengu, ndipo pamenepo sakunama. Koma amene adaba ndi ochepa a ku Capital Hill, pomwe wosowa mankhwala kuchipatala cha boma adali mayi wa kumudzi. Mphamvu yosankha chofunika kwambiri idachokanso m'manja mwa aphungu athu n'kupita ku Washington ndi London.

World Bank idayambiranso kuthandiza bajeti mu 2017, koma kachitidwe ka mapulojekiti kadali katazika kale mizu. N'chifukwa chake USAID itatseka, ogwira ntchito za umoyo ambiri omwe ankalipidwa ndi mapulojekiti adangouzidwa kuti akhale kunyumba, ndipo boma lidalibe ndalama zowalembera onse ntchito.