Aphunzitsi, lekani kutuma ana kukakumba zakale

Chaka chilichonse mutu wa mbiri ya dziko lapansi ukafika, aphunzitsi ena muno m'boma la Dedza amatuma ana kuphiri kuti akatole ma fossil (zotsalira za zamoyo zakale zosungika m'miyala), ndipo m'mawa mwake tebulo limadzaza nsangalabwi ndi timiyala tonyezimira. Ndaphunzitsa jogalafe kwa zaka zambiri, ndipo ndatopa nako kubwereza mfundo imodzimodzi: miyala ya mapiri athu ano inachokera ku mwala wosungunuka, ina inapsa ndi kufinyika pansi penipeni pa nthaka, kotero fupa kapena tsamba silikanasiya chizindikiro m'menemo. Zotsalira za zamoyo zakale zimasungika m'miyala imene inapangidwa ndi matope ndi mchenga wosanjikizana pansi pa madzi. N'chifukwa chake mafupa a Malawisaurus, dinosaur amene anakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, anapezeka ku Karonga, osati pa phiri la Dedza. Zojambula za m'mapanga a Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wake wa malo ofunika kutetezedwa pa dziko lonse mu 2006, nazonso si ma fossil. Zinajambulidwa ndi manja a anthu.

Chimene tili nacho kuno ndi zigwembe ndi magombe a mitsinje monga Linthipe, ndipo n'chokwanira kuphunzitsira. Mvula ikaguga, imikani ana patsogolo pa khoma la chigwembe, patali ndithu ndi pamene lingagumuke, awerenge mizere yake: dothi lakuda pamwamba, katondo kapena dongo pansi pake, mzere wa mchenga, kenako timiyala tobulungira timene madzi amphamvu anatisiya. Lamulo lake, limene katswiri wa sayansi Nicolas Steno analemba mu 1669, mwana aliyense amene anafukulapo dzala la pakhomo amalidziwa kale: phulusa la pansi linatayidwa poyamba, la pamwamba ndi la dzulo. Timiyala tikusonyeza nthawi ya madzi osefukira, dongo losalala likusonyeza madzi odekha. Mwana akamvetsa zimenezi, za ku Karonga sizimuvutanso.

Pali nkhani imene imandiwawabe mpaka lero. Mphunzitsi wina wakhama, wokonda ana ake, anandibweretsera thumba la shuga lodzaza mapale okhala ndi zolembalemba m'milomo, zidutswa za mafupa ndi timiyala tosongoka tooneka ngati tosema ndi munthu. Ana ake anazizula ndi makasu m'chigwembe china, ndipo iye anazitsuka bwinobwino ndi sopo. Nditamufunsa kuti, "Aphunzitsi, phale ili linali pamwamba pa fupali kapena pansi pake?" anangoti kakasi. Tinapita kukaona malowo, koma khoma lonse linali litagumulidwa. Zinthuzo sizinali ma fossil, komabe zikanatiuza ngati osema miyala aja anakhalapo oumba miphika asanafike, ndipo yankho limenelo linatayika masana amodzi. Choopsa china n'chakuti mafupa otere akhoza kukhala a manda akale.

Ku Uraha, m'boma la Karonga, nsagwada ya Homo rudolfensis, mtundu wa munthu wakalekale, inapezeka mu 1991, ndipo akatswiri anayerekeza zaka zake, pafupifupi 2.4 miliyoni, poona mafupa a nyama zina amene anali m'gawo lomwelo la dothi. Ikanafika m'thumba la shuga, ikanangokhala fupa wamba. Apa m'pamenenso muyenera kuwongola ana amene amajambula munthu akuthamangitsa dinosaur ndi mkondo, pakuti ma dinosaur aakuluwo anatha zaka 66 miliyoni zapitazo, munthu asanaoneke n'komwe.

Chenjerani ndi anthu oyendayenda ogula miyala. Popeza ku Chimwadzulu, m'boma la Ntcheu, kumapezeka miyala ya mtengo wapatali, ena amanamiza ana ndi makolo kuti chilichonse chachilendo cha m'nthaka ndi ndalama, enanso amafuna mafupa akale kuti akapere mankhwala. Musawagulitse, ndipo musazengereze, chifukwa mvula imodzi yamphamvu imakokolola khoma lonse. Mwana akaona chinthu chikusuzumira m'dothi, asachizule. Chijambuleni pa foni chili pomwepo, mutaika rula pambali pake, yezani kuya kwake kuchokera pamwamba, dziwitsani amfumu, kenako tumizani uthenga ku nthambi ya boma yoona za malo osungirako zinthu zakale sabata yomweyo.