Makina ochapira akaima ndi madzi, musathamangire kunena kuti bodi yapsa

Sabata ino yokha andiimbira anthu atatu, wina ku Kalongwezi, wina ku Moth, konseku mu Chipata, wina ku Katete, ndipo onse mawu ake ndi amodzi: "Bambo, bodi yapsa, mungatipezere ina?" Ndikafunsa amene wawauza, amati ndi mnyamata wina amene anabwera kudzaona. Ndikafunsa ngati mnyamatayo anatsegulako kachitseko ka pansi pa makina kobisa sefa, foni imangoti zii. Zanditopetsa zimenezi. Makina ochapira akaima ndi madzi m'mimba, bodi, imene ili ngati ubongo wa magetsi wolamulira makinawo, ndimaikayikira pomaliza penipeni, koma anthu ndiyo amayamba kuifunira ndalama, pomwe ndiyo yodula kuposa zonse.

Makina otsegukira kutsogolo sataya madzi mwa iwo okha. Pansi pake pali kapampu, kamota kakang'ono ka mawati 30 kapena 40, kokhala ndi timapiko tapulasitiki tokankhira madzi m'paipi. Madzi asanafike pa timapikoto amadutsa pa sefa, ndipo chilichonse chimene munaiwala m'thumba chimathera pamenepo: mabatani, mapini a tsitsi, waya wa bra, kasokosi ka mwana, mchenga wa m'mabulangete. Koma makamaka makobidi. Kuyambira 2013 tinali kale ndi K1 ndi 50 ngwee zachitsulo, ndipo mu 2025 Bank of Zambia inawonjezapo K2 ndi K5. Chenji ya wa njinga, chenji ya ku Saturday Market, yonse imatsalira m'thalauzi n'kulowa nayo m'makina.

Makinawo amanena okha vuto lawo, anthu ndiwo samva. Samsung imalemba 5E kapena 5C, LG imalemba OE, Bosch imalemba E18. Zilembo zimenezi zikutanthauza kuti bodi yayatsa pampu, yadikira, yaona kuti madzi sakutsika, ndiye yaimitsa ntchito. Bodi yakufa ingadziwe bwanji zonsezo?

Chotsani pulagi pakhoma, osangozimitsa pa batani. Ngati munachapa ndi madzi otentha, dikirani azizire, chifukwa madzi a madigiri 60 amawaula manja. Tsegulani kachitseko ka pansi, kawirikawiri kamakhala kudzanja lamanja. Makina ambiri ali ndi kapaipi kakang'ono pambali pa sefa. Kakokeni, chotsani kotsekera kake, madzi adonthere m'beseni losaya, muzikhuthula n'kubwezera mpaka ataleka. Mukafulumira kupotokola sefa madzi akadali m'kati, nyumba yonse isanduka dambo. Akatha, potokolerani sefa kumanzere, muitulutse, muitsuke. Kenako walitsani tochi ya foni m'bowomo, mulowetse chala, mukhudze timapiko tija. Tikamazungulira modumphadumpha, ngati pali chotikoka, zili bwino, ndi maginito a m'kati. Tikamagwedera kapena kuzungulira mopepuka ngati tsamba, pampu yatha. Pobwezera sefa mangani kwambiri. Ambiri amandiitananso mawa lake kuti makina akudontha, vuto lili lomweli.

Sefa ikakhala yoyera, gwiritsani ntchito khutu. Ikani makina pa kutaya madzi, mugwade pafupi, mumvetsere. Pampu ikamalira kuti wuuu koma osazungulira, magetsi akufika koma china chaigwira. Ikamazungulira bwinobwino madzi osatuluka, njira yatsekeka: mwina paipi yakumbuyo yapindika pomwe munakankhira makina kukhoma, mwina kasokosi kakhala m'paipi yakuda yochoka pa dilamu, mwinanso ndi paipi ya nyumba imene yadzadza mafuta a ku sinki. Chotsani paipiyo pakhoma muiloze m'ndowa. Madzi akatuluka mwamphamvu, itanani pulambala, makina alibe mlandu. Onaninso msinkhu wake: mabuku a makina ambiri amati kamwa la paipi likhale pakati pa masentimita 60 ndi 100 kuchoka pansi, koma ndapezapo paipi italumikizidwa ndi hosi ya kumunda kuti madzi akafike ku nthochi, mamita khumi. Kapampu kameneka sikanapangidwire ulendo wotero.

Pampu ikangoti chete, pamenepo ndiye pafunika mita yoyezera magetsi. Koyilo, waya wokulungidwa m'kati mwa kamota, ya pampu yamoyo imawerenga ma ohm pafupifupi 150 mpaka 250. Ikapanda kuwerenga kanthu yaduka, musinthe pampu. Ikawerenga bwino, ndimatsata mawaya, chifukwa makoswe amakonda pansi pa makina pofunda. Ndikatha zonsezi m'pamene ndimayang'ana bodi. Palinso thovu: sopo wa ufa wochapira pamanja mukamuthira m'makina otsegukira kutsogolo, pampu imangopalasa mpweya, ndipo kapaipi koyezera madzi kamanamiza bodi kuti dilamu ikadali yodzadza.

A makina a mabeseni awiri aja, twin tub, nkhani yanu ndi yaifupi. Ambiri alibe pampu n'komwe. Gonekani paipi pansi. Madzi akakanabe, tsegulani kumbuyo muone kalamba kochoka pa chopotokola kupita ku valavu ya labala; kamaduka, kapena ulusi ndi makobidi zimaunjikana pa valavupo.

Pali nkhani imodzi imene sinandichoke m'mutu. Mayi wina wamasiye ku Kapata anagula makina a makilo 8 ndi ndalama zimene analandira amuna awo atamwalira, n'kuyamba kuchapira maloji awiri nsalu za pabedi. Tsiku lina makina anaima madzi ali m'kati. Chitseko sichitseguka madzi akakhala momwemo, ndi mmene anapangidwira. Mmisiri amene aneba anawalozera anafika n'kuchikanula ndi sikuludiraiva, loko n'kuthyoka. Analumikiza mawaya a lokoyo kuti makina aziganiza kuti chitseko n'chotseka, anayesa, madzi osatsikabe, ndiye anagamula kuti bodi yapsa. Anaimasula, analandira theka la ndalama kuti akagule ina ku Lusaka, ndipo ulendo unali womwewo. Foni yake inaleka kupezeka.

Mayiwo anadikira masabata atatu asanandiitane. Ndinapeza madzi otsala atada bii, fungo lake losapiririka, labala ya pachitseko itachita chuku. Ndinatsegula sefa iwo akuona. Munali K1 imodzi itapingasa pakamwa pa pampu, ndi waya wa bra utakolana ndi timapiko. Sindinathe ndi mphindi khumi zomwe. Anaiyang'ana ndalamayo m'dzanja langa n'kufunsa kuti, "Mwanawe, ndiye kuti bodi ija inali yabwino?" Ndinawayankha kuti, "Amayi, sindinaione, koma chimene chinaimitsa makina anu ndi ichi." Bodi inali itapita, loko atathyoka, ndipo maloji aja anali atapeza wina wowachapira.

Chimene chinandiziziritsa nkhongono ndinachiona nditakoka makinawo. Waya wa ethi anali atadulidwa n'kupindidwira kumbuyo. Amisiri otere amatero magetsi akamathima okha pa bokosi, kuti kasitomala aone ngati vuto latha. Waya ameneyu ndiye amanyamula magetsi othawa kuti asadutse mwa munthu. Awa ndi mavoti 230, pa simenti yonyowa, ndipo m'chipindamo mdzukulu wawo ankakwawa. Bodi ikanapezeka tsiku limenelo makina n'kuyatsidwa ali choncho, loko atalambalalidwa, dilamu ikanatha kuzungulira chitseko chili chotsegula, kamwana kali pomwepo. Ndimakaganizirabe kamwanako.

Masabata atatu aja ndimawadandaulanso. Ndionetsetse anathetsa nkhosa. Madzi a sopo akagona m'dilamu masiku ambiri amadya chitsulo chogwira dilamu kumbuyo, amafooketsa labala yotchinga mabering'i, ndipo madzi akalowa m'mabering'i mudzamva makina akulira ngati chigayo pofinya zovala. Imeneyo ndi ntchito yophwasula makina onse, ndipo pa makina ena dilamu yake ndi yomata, sitseguka. Ngakhale mulibe ndalama ya mmisiri mwezi uno, madzi okha atulutseni lero kudzera pa kapaipi kaja, zovala muzichotse, chitseko muchisiye chotsegula. Lekaninso kuyatsa mobwerezabwereza kuti mwina alola. Pampu yogwidwa imatentha nthawi iliyonse imene mwaiyatsa, ndipo imene m'mawa ikanangofuna kuchotsa kobidi, pofika madzulo imakhala itapsadi.

Za malaiti nazo. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankapita maola ambiri pa tsiku, ndipo ndinaitanidwa kangapo pa makina amene analibe vuto lililonse. Anangoima pakati pa kuchapa, eni ake n'kuyamba kulimbana ndi chitseko. Magetsi akabwera, dikirani akhazikike, musankhe kutaya madzi ndi kufinya, muone kaye. Madzi akatha, loko amamasuka yekha pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri. Handulo yake ndi yapulasitiki. Mukaithyola, mungaidikire kuti ichokere ku Lusaka kapena kupitirira apo.

Mmisiri aliyense amene mwamuitana, kaya ndine, muimirireni pambali. Atsegule sefa inu mukuona. Atulutse mita, ayeze pampu, akuonetseni nambala. Wobwera ndi sikuludiraiva yokha n'kutchula bodi asanagwade pansi, mupatseni madzi akumwa azipita. Akasintha chitsulo, chakale chitsale m'manja mwanu, ndipo asanachoke kokani makina muone ngati waya wa ethi uja, wobiriwira ndi wachikasu, akadali pamalo pake. Ngati bodi iyeneradi kukayesedwa kwina, ijambuleni ndi foni nambala yake ioneke, ndipo mupite nayo limodzi ku shopu yake mukaone pomwe amagwirira ntchito.