Lamulo loletsa chibwenzi lomwe linametetsa Minami Minegishi mpala

Pa 31 Januwale 2013, pa YouTube ya AKB48, gulu la atsikana oimba la ku Japan, panatuluka kanema wa mtsikana wa zaka 20, atameta mpala, misozi ili mbwembwembwe, akupepesa. Anali Minami Minegishi. Magazini ya Shukan Bunshun inali itamujambula akutuluka m'nyumba ya mnyamata wina wa m'gulu loimba komwe anagona. Minegishi ananena kuti tsitsilo anameta yekha, ndipo ku Japan kumeta chotere ndi njira yakale yosonyeza kulapa. Akuluakulu a gululo anamutsitsa udindo n'kumuika m'gulu la ophunzira, lomwe amalitcha kenkyusei. Mnyamata uja ntchito yake inapitirira.

Minegishi sanali mlendo m'gululi. Anabadwa mu 1992, ndipo anali m'gulu loyamba lenileni lomwe Yasushi Akimoto anayambitsa mu Disembala 2005. Ankaimba m'kaholo ka anthu pafupifupi 250 pamwamba pa sitolo ya Don Quijote ku Akihabara, mumzinda wa Tokyo, ndipo tsiku loyamba olipira pakhomo analipo 7 okha. Panthawi yomwe ankapepesayo anali atagwira ntchitoyi zaka zoposa 7.

Muzu wa lamulo loletsa oimbawa kukhala ndi chibwenzi ndi ndalama. Chomwe idol, dzina lomwe amapatsa oimba achinyamata ngati amenewa, amagulitsa kwenikweni si mawu okoma, koma kuti womukonda azimva ngati ali naye pafupi. M'CD ya AKB48 ankaikamo tikiti yokagwirana chanza ndi woimba yemwe ukumufuna. Tikiti imodzi ndi masekondi ochepa chabe, ndipo pambali pamaima wantchito wokusuntha nthawi ikakwana. Wofuna kucheza nthawi yotalikirapo amagula ma CD ambirimbiri a nyimbo imodzimodziyo. Kuyambira 2009 mpaka 2018 kunalinso chisankho cha chaka ndi chaka: pepala lovotera linkapezeka m'CD, ndipo opeza mavoti ambiri ndi omwe ankaima kutsogolo pa nyimbo yotsatira. Tsono mwamuna yemwe wathera malipiro ake pa mtsikana mmodzi akamva kuti ali ndi chibwenzi amadziona ngati wapusitsidwa, n'kusiya kugula. Makampani amaopa zimenezi, ndiye mtolo wonse amausenzetsa atsikana omwe ambiri amalowa ntchitoyi asanakwanitse n'komwe zaka 16. Apa palibe chilungamo.

Maganizo oti idol sangakhale ndi mwamuna n'kumapitiriza kuimba ndi akale kuposa AKB48. Momoe Yamaguchi, yemwe anatchuka kwambiri m'zaka za m'ma 1970, anauza anthu pakonsati mu 1979 kuti ali pachibwenzi ndi Tomokazu Miura. Pa 5 Okutobala 1980, muholo ya Nippon Budokan ku Tokyo, atamaliza nyimbo yotsiriza anaika maikolofoni pansi n'kuchoka. Mwezi wotsatira anakwatiwa ndi Miura ali ndi zaka 21, ndipo sanabwererenso. Iyeyu anasankha yekha. Pambuyo pake makampani ena anayamba kulemba chiletsocho m'mapangano a ntchito.

Nkhaniyi itafika kukhoti, oweruza sanayankhule chimodzi. Mu Seputembala 2015 khoti la ku Tokyo linagamula kuti mtsikana wa zaka 17, yemwe gulu lake linatha atapezeka ndi chibwenzi, alipire mayeni (ndalama za ku Japan) 650,000, ponena kuti chiletsocho n'chofunika kuti amuna okonda gululo asathawe. Mu Januwale 2016 woweruza wina wa khoti lomwelo anakana pempho la kampani yomwe inkafuna mayeni pafupifupi 9.9 miliyoni kwa woimba wake, ndipo anati kukhala pachibwenzi ndi mbali ya ufulu wa munthu wofunafuna chimwemwe.

Minegishi anachotsedwa m'gulu la ophunzira mu Ogasiti 2013 n'kukhala mtsogoleri wa Team 4, kamodzi mwa timagulu ta m'kati mwa AKB48. Anatsazika AKB48 mu Meyi 2021, ali womaliza mwa omwe anayamba nawo mu 2005, ndipo mu 2022 anakwatiwa ndi Tetsuya wa gulu la pa YouTube la Tokai On Air.