Ng'oma siilowetsa mwana ku yunivesite

Chaka chilichonse zotsatira za Giredi 12 zikangotuluka, pakhomo pa ofesi yanga pamabwera makolo ndi mawu omwewo. "Aphunzitsi, uyu masamu anamukana, sayansi inamukana, ndiye tati angochita zija za miyambo, poti n'zophweka." Ena amalowera kwina: "Mwanayu anakulira kwa ambuya ake kumudzi, nthano zonse zili m'mutu, ng'oma amaimba ngati wamkulu. Mungomulemba basi." Ndayankha mofatsa, mmodzimmodzi, mpaka malovu kuuma m'kamwa. Lero ndati ndilembe, kuti wobwera mawa ndizingomulozera apa.

Chimene chimagwetsa ana ambiri ndi Chingerezi. Kuti mwana alowe digiri yoyamba kuno ku Zambia, kaya ndi ya miyambo kaya ya china, amafunika makirediti asanu pa satifiketi ya Giredi 12, ndipo limodzi mwa asanuwo likhale la Chingerezi. Kirediti imathera pa 6. Amene wapeza 7 kapena 8 wakhoza ndithu, koma alibe kirediti, ndipo kompyuta imene imasankha mafomu siimva zoti mwanayo anapeza 1 mu Chinyanja. Ndikudziwa kuti n'zopweteka. Munthu akufuna kuphunzira nthano za Achewa, bwanji amutsekere chitseko ndi chilankhulo cha Angerezi? Inenso funso limeneli ndalifunsa m'misonkhano kangapo. Koma mabuku amene adzawerenge ali m'Chingerezi, mayeso ndi a m'Chingerezi, ndipo lipoti la kafukufuku la chaka chomaliza adzalilemba m'Chingerezi, ngakhale zonse zimene anajambula zili m'Chichewa cha ku Chadiza. Makirediti asanuwo ndi poyambira chabe. Ofunsira malo akachuluka amasankha amene mapointi awo ndi otsika, choncho wa makirediti asanu a 6 yekhayekha asamange chikwama msanga. Wobwera ndi MSCE ya ku Malawi, ndipo alipo ambiri muno mu Lusaka, ayambe wapita nayo ku ZAQA, bungwe la boma lotsimikiza ziphaso za maphunziro, kuti aitsimikize asanaiphatike ku fomu.

Tsono dzina la digiriyo. Anthu amafika n'kunena kuti akufuna digiri ya folklore, ndiye kuti ya nthano ndi miyambo ya anthu, chifukwa anaiona pa intaneti. Mawu amenewa anayambitsa ndi William Thoms ku England mu 1846, ndipo kunja kuli mayunivesite amene ali ndi dipatimenti ya dzina limeneli, monga Indiana ku America ndi Memorial ku Canada. Ku Bowling Green, m'chigawo cha Ohio, kuli dipatimenti yophunzitsa popular culture, ndiye kuti nyimbo za pa wailesi, mafilimu, nthabwala, mafashoni ndi zina zimene anthu wamba amakonda. Kuno maphunziro amenewa amabisala m'maina ena. Muwapeza m'maphunziro a zilankhulo za mu Zambia ndi zolembalemba, m'mbiri yakale, m'maphunziro a chikhalidwe cha anthu, a nyimbo ndi zisudzo. Ku University of Zambia (UNZA), pa Great East Road, kuli maphunziro a Zambian Cultures and Ceremonies, komanso digiri ya Intangible Cultural Heritage, imene ndi yosamalira chuma cha makolo chosagwirika ndi manja: magule, nyimbo, miyambi, luso la manja, kadziwidwe ka mbewu ndi nyengo.

Digiri yachiwiriyi ndi imene mu 2018 dziko lonse linkaitcha digiri ya ufiti. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, itapereka madola opitirira 300,000 kuti maphunzirowa akhazikitsidwe, nkhani inafalikira pa Facebook ndi m'manyuzipepala kuti yunivesite iyamba kuphunzitsa kutamba. Yunivesite inakana, inafotokoza, koma bodza linali litafika kale ku Soweto Market. Mpaka lero kuli makolo amene amatsitsa mawu akamandifunsa za maphunzirowa, ndipo m'busa wina anandiuza maso ndi maso kuti mwana wa mumpingo mwake sangapondeko. Gwero la digiriyi ndi pangano la UNESCO la mu 2003 loteteza chuma cha makolo chosagwirika ndi manja, limene Zambia inalowamo mu 2006. Pansi pa panganoli Gule Wamkulu analembedwa pa mndandanda wa dziko lonse lapansi mu 2008 m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, chaka chomwecho ndi Makishi. Mooba wa Alenje analowa mu 2018, Budima mu 2020, Kalela mu 2022. Kulembetsa gule mmodzi kumafuna anthu odziwa kufunsa eni ake, kujambula, kulemba ndi kusunga umboni. Digiriyo inabwera kudzaphunzitsa anthu oterowo. Chithumwa mulibemo.

Amene amati n'zophweka sanakhalepo pansi kulemba nthano ya mphindi khumi kuchokera pa chojambulira mawu. Zimatenga madzulo onse. Ulembe "padangokhala" wa ambuya, ulembe "tili tonse" wa adzukulu, usonyeze pamene nyimbo yalowa, amene anatsogolera ndi amene anavomera, pamene ambuya anasiya nthano kuti akalipire mwana wosewera ndi moto. Ukatero uimasulire m'Chingerezi osaipha. Kenako mphunzitsi akufunse kuti n'chifukwa chiyani kalulu wa ku Katete wathera m'dzenje pamene wa ku Petauke wathawa, ndipo "ndi mmene amanenera" si yankho lopatsa malikisi. Zaka zinayi za digiri zimathera pa zimenezi: kuwerenga zimene ena analemba, kuphunzira njira za kafukufuku, kupita kukafunsa anthu, ndi kulemba lipoti lako chaka chomaliza.

Wokulira m'mwambo ali ndi mwayi, sindikana. Amadziwa kukhala pamaso pa mfumu, amadziwa kuti namkungwi safunsidwa funso lachindunji pagulu. Koma ali ndi msampha wakewake. Amalemba za m'mudzi mwawo ngati kuti ndi za Achewa onse, ndipo akamva mawu amene akuwadziwa amaleka kumvetsera. Wolowa gule ali ndi katundu winanso. Za kudambwe si zolemba mu lipoti, ndipo mphunzitsi wabwino sangakukakamize kuzilemba. Pali zambiri zooneka pabwalo zoti munthu n'kulembapo digiri yonse: nyimbo zimene amayi amavomera, zilombo zatsopano zimene zimanyoza zochitika za masiku ano, ndalama zimene zimayenda pa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti. Wophunzira amene amaganiza kuti malikisi ali m'kuulula zinsinsi amataya zonse ziwiri, malikisi ndi kwawo.

Ndiponso miyambo sikuthera kumudzi. Mawu olembedwa kumbuyo kwa minibasi ya ku Chawama, mmene ang'wang'wazi amaitanira anthu pa Kulima Tower, kitchen party, Chinyanja cha m'tauni chimene aphunzitsi a chilankhulo amadana nacho, kalindula, Zamrock, nthabwala za pa TikTok, zonsezi ndi zophunzira. Si zatsopano ayi. Mu 1956 J. Clyde Mitchell wa ku Rhodes-Livingstone Institute anasindikiza kafukufuku wa gule wa Kalela ku Luanshya, kumene anyamata ankavina atatchena malaya ositidwa bwino, akuimba nyimbo zoseka mitundu ina. M'gule wa Lamlungu masana anaonamo mmene anthu ochoka m'midzi yosiyanasiyana ankadziwirana m'tauni ya migodi. Mwana wobadwira ku Matero amene sanagonepo m'mudzi asaganize kuti alibe poyambira.

Pali mnyamata mmodzi amene samachoka m'mutu mwanga. Ankakhala ku Mtendere, kwawo ndi cha ku Katete. Anabwera ndi amalume ake, bambo aulemu amene anavula chipewa pakhomo. Chinyanja anakhoza bwino kwambiri, History bwino, koma Chingerezi 7. Amalume akulankhula, iye anatulutsa foni n'kundimvetsera ambuya ake akusimba nthano. Ndamva osimba nthano ambiri pa ntchito yangayi, koma gogo ameneyu anali wina. Mawu a fisi ankawatulutsira pakhosi, nyimbo ankaiyamba pansipansi mpaka ana onse alowemo. Mnyamatayo anali atajambula nthano zambirimbiri pa tchuthi chilichonse, popanda womutuma. Ndinamuuza kuti, "Mwana wanga, kalembetse GCE, mayeso a obwereza aja, ubwereze Chingerezi chokha, chaka chamawa ubwere." Amalume anati, "Aphunzitsi, chaka chathunthu chifukwa cha phunziro limodzi? Palibe njira ina?" Ndinati palibe.

Njira ina anaipeza okha. Kakoleji kena m'tauni, zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo, kanawalonjeza dipuloma ya zachikhalidwe ndi zokopa alendo m'miyezi yowerengeka, Chingerezi osafunsa, n'kuwauza kuti ndi pepalalo adzalowa yunivesite chaka chachiwiri. Kumudzi anagulitsa ng'ombe. Patapita zaka ziwiri anabweranso ndi pepala lokongola, la chidindo chagolide, lomatidwa pulasitiki. Ndinayang'ana dzina la kolejiyo pa mndandanda wa Higher Education Authority, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, mulibe. Ku TEVETA, kumene amalembetsa sukulu za ntchito zamanja, mulibe. Pepalalo linali losalowetsa munthu paliponse, ndipo 7 uja anali pomwepo, osasuntha. Ndinafunsa za ambuya. Anali atatisiya dzinja lapitalo. Ndinafunsa za foni. Anamubera pokwera basi, ndipo zojambulazo sanazikopere kwina kulikonse.

Apa ndi pamene pamandiwawa, chifukwa mbali ina ndi yanga. Tsiku loyamba lija ndinathera nthawi yonse pa makirediti. Sindinamuuze chinthu chimene timauza wophunzira aliyense asanapite kukajambula: kopera malo awiri kapena atatu tsiku lomwelo, lemba dzina la wosimba, mudzi, tsiku, amene analipo, ndipo upemphe chilolezo chake chimveke m'chojambulacho. Zikanatenga mphindi zisanu. Ndinaona ngati ndidzamuuza akadzalowa kalasi.

Choncho mundimve, inu makolo. Koleji iliyonse imene ikukuuzani kuti Chingerezi si kanthu, imene ikufuna ndalama lero lomwe "malo asanathe", imene ofesi yake ndi nambala ya WhatsApp, ithaweni. Funsani zinthu ziwiri, osati chimodzi: kodi kolejiyo inalembetsedwa ku Higher Education Authority, nanga maphunziro amene mwana akufunawo anavomerezedwa? Sukulu itha kukhala yolembetsedwa koma n'kumaphunzitsa kosi imene sinavomerezedwe, ndipo ambiri amagwera pamenepa. Musakhulupirire satifiketi yopachikidwa pakhoma la ofesi yawo, kayang'aneni nokha pa mndandanda. Alipo enanso oyendayenda pafupi ndi mageti a mayunivesite, onena kuti ali ndi munthu wawo mkati amene angalowetse dzina. Malo ku yunivesite sagulitsidwa pansi pa mtengo. Ndalama ya fomu imalipiridwa ku banki kapena m'njira imene yunivesite yalengeza, ndipo pamakhala lisiti. Chimodzimodzi ngongole ya maphunziro ya ku HELSB: mumafunsira nokha, ndipo wokuuzani kuti mumupatse kenakake kuti akukankhireni fomu ndi mbala. Oipitsitsa ndi ogulitsa satifiketi ya Giredi 12 yokonzedwa, 7 atamusandutsa 4. Zotsatira zimatsimikizidwa ku ECZ, bungwe loyendetsa mayeso, ndipo zikadziwika mwana amachotsedwa ngakhale ali chaka chachitatu, mlandu uli pamutu.

Kuchedwa nakonso kumadya ana ambiri kuposa kulephera. Kulembetsa GCE kumatsekedwa miyezi ingapo mayeso asanafike. Banja likamati tidikire tikolole, tidikire amalume abwere ku Kitwe, tsiku limadutsa ndipo chaka chapita. Chaka chachiwiri mwana wayamba kugulitsa salaula, chachitatu wakwatira, Chingerezi chimene ankadziwa chija chachita dzimbiri. Ngati zotsatira zatuluka ndipo pali 7 pa Chingerezi, sabata yomweyo pitani pa sukulu imene ili ndi malo olembera GCE mukafunse tsiku lotsekera. Podikira mayeso mwanayo asakhale chabe. Aziwerenga nyuzipepala mokweza, apite ku Lusaka National Museum ndi ku Kabwata Cultural Village akaone ndi kufunsa, ndipo ngati kumudzi kudakali nkhalamba yosimba, akwere basi mwezi uno, osati pa Khirisimasi.

Mnyamata uja ndinakumana naye miyezi yapitayi ku City Market, akuthandiza pa shopu ya mafoni. Akuti tsopano walembetsa GCE. Ndinamupempha kuti nthano zimene akukumbukira azilembe m'kope, ndipo anabwera nalo. Nkhani zake zilimo, kalulu ndi fisi ali m'malo mwawo. Pamene panali nyimbo anasiya mizere yopanda kanthu, akuti mawu ena akuwakumbukira koma kaimbidwe kake kanapita ndi ambuya.